Paul Du Chaillu: mlenje amene adaonetsa dziko gorila, n'kutchedwa wabodza

Madzulo a pa 25 February 1861, akuluakulu a bungwe la Royal Geographical Society mumzinda wa London adasonkhana kudzamvera mlendo wina wamfupi, wakhungu loderapo, amene Chingerezi chake chinkamveka Chifalansa. Pambali pake padali zikopa za anyani akuluakulu zimene adazisoka n'kuziimika ngati zamoyo. Mlendoyo adali Paul Belloni Du Chaillu, ndipo adauza khamulo kuti nyama imene azungu adakhala akuimva m'mphekesera kwa zaka mazanamazana, iye adaiona ndi maso, adaisaka, ndipo adaipha m'nkhalango za ku Gabon.

Pomwe mwezi umatha, dzina lake lidali pakamwa pa aliyense mumzindawo. Chaka chisadathe, akatswiri ena adali atayamba kumutchula kuti ndi wabodza. Moyo wa mkuluyu ndi phunziro kwa aliyense amene amafunsa ngati m'nkhalango ndi m'mapiri akutali mungakhale anyani ena akuluakulu amene sayansi siikuwadziwa, pakuti iye ndiye adakumana ndi funsoli pa nthawi imene gorila weniweniyo ankaoneka ngati nthano.

Mphekesera za munthu waubweya

Nkhani ya chinyama chofanana ndi munthu idayamba kale kwambiri. Zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, woyendetsa zombo wina wa ku Carthage, komwe lero ndi ku Tunisia, dzina lake Hanno, adayenda m'mbali mwa nyanja ya kumadzulo kwa Africa. Mbiri ya ulendo wake imati pachilumba china adapeza anthu aubweya thupi lonse, amene omasulira ake adawatchula ndi liwu limene pambuyo pake lidabala dzina loti gorila. Akatswiri amatsutsanabe ngati zimene Hanno adaona zidali anyani kapena anthu.

M'chaka cha 1625 kudasindikizidwanso nkhani ya Andrew Battell, Mngelezi amene adakhala zaka zambiri m'manja mwa Apwitikizi kudera la Angola ndi Loango. Iye adasimba za chinyama chotchedwa pongo, chooneka ngati munthu koma chachikulu kuposa munthu. Kwa zaka zoposa 200, nkhani zoterezi zidangokhala m'gulu limodzi ndi nthano za amalinyero.

Zinthu zidasintha mu 1847. M'mishonale wina wa ku America amenenso adali dotolo, Thomas Savage, adaima ku Gabon ndipo adafikira kunyumba kwa m'busa mnzake, John Leighton Wilson. Kumeneko adaona chigaza chachikulu chokhala ndi mzere wa fupa pamwamba, chosiyana ndi cha chimpanzi. Adasonkhanitsa zigaza ndi mafupa ena, ndipo mothandizana ndi katswiri wa mafupa wa ku Boston, Jeffries Wyman, adalengeza chaka chomwecho kuti kwapezeka mtundu watsopano wa nyani. Mafupawo adatsimikiza kuti nyamayo ilipo. Chimene chidatsala chidali munthu wakunja woti akaione yamoyo kwawo kunkhalango, n'kufotokoza mmene imakhalira.

Kwa anthu a ku Gabon, monga Ampongwe a m'mbali mwa nyanja ndi mitundu ina ya kumtunda, padalibe chachilendo. Nyamayo adali nayo ndi dzina m'zilankhulo zawo, ankadziwa zakudya zake ndi mapazi ake, ndipo alenje awo ankaisaka. Kusadziwa kudali kwa anthu akutali.

Mwana wobisa kwawo

Du Chaillu sankafuna kuti anthu adziwe kumene adabadwira. Ena ankawauza kuti ndi ku Paris, ena kuti ndi ku New Orleans. Mabuku ambiri amati adabadwa pa 31 July 1831, pomwe ena amalemba 1835. Wofufuza mbiri wina, Henry Bucher, adapeza umboni m'zaka za m'ma 1970 wosonyeza kuti adabadwira pachilumba cha Réunion, kum'mawa kwa Madagascar, ndipo mayi ake adali a magazi osakanikirana, achizungu ndi achikuda. Bambo ake, Charles-Alexis Du Chaillu, adali Mfalansa wochita malonda.

Chifukwa chobisira n'chosavuta kuchimvetsa. Ku America ukapolo udali udakalipo, ndipo munthu wodziwika kuti ali ndi magazi achikuda sakadalandiridwa m'mabungwe a akatswiri a sayansi, ngakhale kudya nawo pa tebulo limodzi. Du Chaillu adasenza chinsinsichi moyo wake wonse.

Cha m'ma 1848 mnyamatayu adafika ku Gabon, kumene bambo ake ankagula minyanga ya njovu, mitengo ya matabwa ndi katundu wina m'malo mwa kampani ya ku France. Adakakhala pamishoni ya Baraka, pafupi ndi pamene lero pali mzinda wa Libreville, m'manja mwa m'busa Wilson yemwe uja wa chigaza. Kumeneko adaphunzira Chingerezi, adazolowera Chimpongwe, ndipo poyenda ndi amalonda m'mitsinje adaphunzira kusaka ndi kufutsa zikopa za mbalame. Adamvanso nkhani zambiri za gorila kuchokera kwa alenje.

Mu 1852 adapita ku America, kumene adaphunzitsa Chifalansa pasukulu ya atsikana m'tauni ya Carmel, m'chigawo cha New York. Mbalame zimene adabwera nazo zidakopa akatswiri a bungwe la Academy of Natural Sciences ku Philadelphia, makamaka John Cassin amene adali katswiri wa mbalame. Mu 1855 bungweli lidavomera kuti abwerere ku Gabon kukasonkhanitsa nyama ndi mbalame.

Zaka zinayi m'nkhalango

Kuyambira 1856 mpaka 1859, Du Chaillu adayendayenda m'nkhalango za ku Gabon popanda mzungu mnzake. Chuma chake chidali chilankhulo, mfuti, nsalu ndi mikanda yosinthanitsa, komanso ubwenzi ndi mafumu. Mfumu Quengueza ya ku Goumbi, m'mbali mwa mtsinje wa Rembo, idamupatsa mabwato, amtengatenga ndi chitetezo. Alenje monga Aboko, Gambo ndi Malaouen ndiwo ankawerenga mapazi, kumva fungo ndi kumutsogolera kumene kudali nyama.

Malinga ndi zimene adalemba yekha, adakumana ndi agorila koyamba mu 1856 kufupi ndi mapiri a Crystal. Pamudzi wina wa bwinja adapeza nzimbe zothyoledwa ndi kutafunidwa, ndipo atatsatira mapazi adaona agorila anayi aang'ono akuthawa. Adafanana kwambiri ndi anthu othawa imfa moti iye adadzimva ngati wambanda powatchera mfuti. Pambuyo pake adakumana ndi gorila wamphongo amene adaimirira, n'kumadziguguda pachifuwa ngati ng'oma, uku akubangula ndi kusendera pafupi, mpaka adamuombera.

Mu 1857 alenje adamubweretsera mwana wa gorila wamoyo, amene adamutcha Joe. Kanyamako kadakana kuwetedwa, kadathawa kawiri, ndipo kadafa katamangidwa unyolo. Ana ena amene adawagwira pambuyo pake adafanso, chifukwa alenje ankayamba apha mayi kuti atenge mwana.

Du Chaillu adatsutsa zina mwa nkhani zimene zinkamveka m'mbali mwa nyanja. Adakana zoti gorila amabisala mumtengo n'kumakoka anthu odutsa ndi phazi, zoti amamenya njovu ndi chibonga, ndi zoti amaba akazi m'midzi. Adaona kuti m'mimba mwa agorila onse amene adawatumbula mudali masamba, zipatso ndi nzimbe zakutchire basi. Adalembanso za chikhulupiriro cha anthu ena choti mizimu ya akufa imalowa mwa agorila ena, ndi za mwambo womwetsa oganiziridwa ufiti mankhwala akupha, wofanana ndi mwavi.

Powerengera ulendo wonse, iye adati adayenda pansi mtunda wa mamailosi pafupifupi 8,000, adapha mbalame zoposa 2,000 ndi nyama pafupifupi 1,000, ndipo malungo adamugwetsa maulendo 50. Adabwerera ku America mu 1859 ndi zikopa ndi mafupa a agorila oposa 20.

Kutchuka kwa mwadzidzidzi

Ku America sadamulandire ndi nthungululu. Bungwe la ku Philadelphia lidakana kumubwezera ndalama zimene adati adagwiritsa ntchito paulendo. Adaika zikopa zake pachionetsero mumsewu wa Broadway ku New York, koma anthu ambiri ankathamangira kwa P. T. Barnum, katswiri wa zionetsero, amene ankaonetsa munthu wakuda womuveka ubweya n'kumanamiza anthu kuti ndi cholengedwa cha pakati pa munthu ndi nyani. Bodza lidakopa anthu kuposa nyama yeniyeni.

Mwayi udachokera ku London. Mu November 1859, Charles Darwin adatulutsa buku lake lotchedwa On the Origin of Species, lofotokoza kuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono kuchokera ku makolo amodzi. Bukulo silidakambe zambiri za munthu, komabe aliyense adaona kumene mfundoyo inkalowera. Richard Owen, katswiri wamkulu wa mafupa ku Britain, ankalimbikira kuti ubongo wa munthu uli ndi kachigawo kena kamene anyani alibe. Thomas Huxley, mnzake wa Darwin, ankati kachigawoko anyani ali nakonso, ndipo pomaliza adapambana ndi iyeyo. Mkanganowo udasandutsa gorila kukhala nyama yofunika kwambiri m'sayansi ya nthawiyo, ndipo munthu amene adali ndi zikopa zambiri za nyamayo adali Du Chaillu.

Owen adamuitana ku London. Pambuyo pa msonkhano wa mu February uja, kampani ya John Murray idasindikiza buku lake lotchedwa Explorations and Adventures in Equatorial Africa, limene lidagulidwa makope oposa 10,000. Manyuzipepala adadzaza ndi zithunzi zoseketsa za gorila, oimba adapeka nyimbo, ndipo wolemba nthano R. M. Ballantyne adatulutsa buku la ana la osaka agorila chaka chomwecho. Mnyamata wopanda digiri, wosadziwika kwawo, adayamba kudya m'nyumba za nduna.

Amutcha wabodza

Mtengo wautali ndiwo umakumana ndi mphepo. Mu May 1861, John Edward Gray, mkulu woyang'anira za nyama ku British Museum, adayamba kulemba makalata m'nyuzipepala otsutsa bukulo. Adati zithunzi zina adazikopera m'mabuku a ku France popanda kunena, nyama zina zimene ankati n'zatsopano zidali zodziwika kale, ndipo mabowo a zipolopolo pazikopa ankasonyeza kuti agorilawo adaomberedwa kumsana akuthawa, pomwe wolembayo ankati adawaombera pachifuwa akumulonda. Heinrich Barth, Mjeremani amene adayenda kwambiri kumpoto ndi kumadzulo kwa Africa, adapeza kuti masiku a m'bukulo sankagwirizana, ndipo adakayikira zoti wolembayo adalowadi kumtunda.

Zina mwa zimenezi zidali zoona. Zithunzi zina zidalidi zokopera. Du Chaillu adavomera kuti adasokoneza ndondomeko ya maulendo ake pofuna kuti nkhani iyende bwino. Mapu ake adawajambula ndi kampasi yokha, popanda zida zopimira malo poyang'ana nyenyezi, moti mitunda ina adaitalikitsa. Padalinso nsanje ndi tsankho: Gray sankamwerana madzi ndi Owen, ndipo ena mwa otsutsawo ankanong'onezana m'makalata za magazi a Du Chaillu.

Mu July chaka chomwecho, pamsonkhano wa bungwe la Ethnological Society, mkulu wina dzina lake T. A. Malone adamuseka pa zimene adalemba zoti anthu a ku Gabon amapanga nsambo za zeze wawo ndi mizu ya mtengo. Du Chaillu adapsa mtima n'kumulavulira kumaso. Adapepesa kudzera m'nyuzipepala ya The Times, koma mbiri yake idali itada.

Mu 1862 Angelezi awiri adapita ku Gabon, aliyense payekha, kukafufuza. Richard Burton adasaka gorila osamupeza, koma adabwerera akunena kuti zambiri za m'bukulo zidali zoona. Winwood Reade adakhala miyezi ingapo, nayenso osaona gorila ngakhale mmodzi kutchire, ndipo atafunsa alenje adagamula kuti Du Chaillu sadaphepo gorila ndi dzanja lake ndiponso kuti nyamayo siidziguguda pachifuwa. Kulephera kwa anthu awiriwa kudasonyeza chinthu china chimene ambiri sadachilabadire: nyama yolemera makilogalamu oposa 150 ikhoza kukhala pafupi ndi midzi, mlendo n'kutha miyezi osaiona.

Ulendo wotsuka dzina

Du Chaillu adasankha kuyankha ndi umboni. Adaphunzira kupima malo ndi nyenyezi, kujambula mapu ndi kutola zithunzi ndi kamera, ndipo mu August 1863 adakwera sitima yapamadzi yotchedwa Mentor kubwerera ku Gabon. Tsoka lidamuchingamira pagombe. Bwato limene lidanyamula zida zake lidagubuduzika ndi mafunde pamathiriro a Fernan Vaz, ndipo madzi amchere adaononga zida zopimira. Adadikira miyezi yambiri kuti zina zifike kuchokera ku England.

Podikirapo adasonkhanitsa zikopa ndi zigaza zina n'kuzitumiza ku London, pamodzi ndi zeze wa nsambo za mizu uja. Adakwezanso gorila wamoyo m'sitima, koma adafera panjira. Adapezanso kanyama kena ka m'madzi kofanana ndi katumbu, kamene adakafotokoza paulendo woyamba pogwiritsa ntchito chikopa chokha, ndipo Gray adakatcha dzina lotanthauza mbewa ya m'nthano. Nthawi ino adatumiza kanyama kathunthu ndi mafupa ake, ndipo akatswiri adavomereza kuti kalipodi. Mpaka lero dzina lake la sayansi, Potamogale velox, limalembedwa limodzi ndi la Du Chaillu.

Chakumapeto kwa 1864 adauyamba ulendo wa kumtunda ndi anyamata khumi a mtundu wa Nkomi komanso amtengatenga. Nthawi yomweyo mliri wa nthomba udabuka m'deralo, ndipo udayenda m'njira zomwe gulu lake linkadutsa. Anthu ambirimbiri adafa, kuphatikizapo mfumu Olenda ya Aashira imene idamulandira. Midzi idayamba kumuona ngati mzimu wobweretsa imfa, ndipo anthu ankathawa akamva kuti akubwera.

Paulendowu adaona gulu la agorila pafupifupi khumi likudya pamodzi, ndipo adavomera poyera kuti adalakwa polemba kale kuti agorila akuluakulu sayenda m'magulu. Mu 1865 adafika pamisasa ya Abongo, anthu aafupi msinkhu okhala m'nkhalango, amene amakumbutsa Akafula otchulidwa m'mbiri ya Achewa. Azungu ankayesa anthu oterewa nthano ya Agiriki akale, ndipo ambiri sadamukhulupirire mpaka Mjeremani Georg Schweinfurth atakumana ndi anthu a mtundu wa Aka kumpoto chakum'mawa kwa Congo mu 1870.

Ulendowo udathera pamudzi wa Mouaou Kombo mu July 1865. Mfuti ya mmodzi wa anyamata ake, Igala, idalira mwangozi, ndipo chipolopolo chidapha mwamuna wina n'kupyola khoma la nyumba kukaphanso mayi wina. Ng'oma za nkhondo zidalira. Gululo lidathawa mivi ya ulembe ikugwa ngati mvula, ndipo pothawapo anyamatawo adataya katundu m'tchire: zithunzi, zida, zikopa ndi zolemba zina. Du Chaillu adalasidwa koma adapulumuka, n'kufika kunyanja mu September. Buku la ulendowu, A Journey to Ashango-Land, lidatuluka mu 1867. Lidali lodekha, lodzaza ndi manambala a malo opimidwa bwino, ndipo silidagulidwe ngati loyamba lija.

Zoona zake ndi zokometsera zake

Nthawi ndiyo idaweruza mlanduwo. Afalansa amene adayenda mumtsinje wa Ogooué m'zaka zotsatira adapeza mitsinje ndi mitundu ya anthu imene iye adatchula. Mary Kingsley, mayi wa ku England amene adayenda ku Gabon mu 1895, adachitira umboni kuti zambiri zimene adalemba zidali zolondola. Gorila wamoyo adafika ku Berlin mu 1876, anthu n'kumuona ndi maso awo.

Nkhani ya kudziguguda pachifuwa idatsimikizika kwathunthu patapita zaka pafupifupi 100. Mu 1959 ndi 1960, George Schaller adakhala pakati pa agorila a m'mapiri a Virunga wopanda mfuti, ndipo Dian Fossey adapitiriza ntchitoyo ku Rwanda kuyambira 1967. Iwo adapeza kuti gorila wamphongo amadzigugudadi, amabangula ndi kuthamangira mdani monga Du Chaillu adanenera. Adapezanso chimene mlenjeyo sakadatha kuchiona ali kuseri kwa mfuti: kawirikawiri zonsezi zimakhala zongoopseza, ndipo mphongoyo imaima kapena kupatuka ikaona kuti akazi ndi ana ake athawa. Chimene Du Chaillu adachitcha ukali wa chilombo chidali chikondi cha bambo woteteza banja.

Apa ndi pamene pali mlandu wake waukulu. Pofuna kusangalatsa owerenga, adajambula gorila ngati chiwanda cha m'maloto oipa, theka munthu theka chilombo. Chithunzi chimenechi chidakhazikika m'mitu ya anthu. Merian C. Cooper, amene adapatsidwa buku la Du Chaillu ali mwana, ndiye adadzapanga filimu ya King Kong mu 1933. Kwa zaka zambiri alenje achizungu ankapha agorila n'kumadzitama kuti agonjetsa chilombo choopsa, pomwe adapha nyama yamanyazi yodya masamba.

Kuchoka kotentha kupita kozizira

Du Chaillu sadabwererenso ku Africa. Adakhazikika ku America, kumene ankayenda m'mizinda kukamba za maulendo ake, ndipo adalemba mabuku a ana monga Stories of the Gorilla Country ndi The Country of the Dwarfs. Ana ankamukonda kwambiri. Mu 1871 adatembenukira kumpoto kwa Ulaya, n'kuyenda zaka zingapo ku Sweden, Norway, Finland ndi Lapland, akugona m'nyumba za alimi ndi kuphunzira zilankhulo zawo monga adachitira ku Gabon. Zotsatira zake zidali mabuku awiri akuluakulu, The Land of the Midnight Sun la mu 1881 ndi The Viking Age la mu 1889.

Sadakwatire. Atakalamba adapita ku Russia kukaphunzira chilankhulo ndi moyo wa anthu akumeneko kuti alembe buku lina, koma adamwalira ndi sitiroko mumzinda wa St Petersburg kumapeto kwa April 1903. Thupi lake adalitumiza ku New York, ndipo lidaikidwa m'manda a Woodlawn.

Funso limene adasiya

Miyezi isanu ndi umodzi iye asadamwalire, pa 17 October 1902, msilikali wa ku Germany, Robert von Beringe, adaombera anyani awiri akuluakulu paphiri la Sabinyo, m'malire a Rwanda, Uganda ndi Congo. Mafupa ake atafika ku Berlin, zidadziwika kuti kuli mtundu winanso wa gorila, wa m'mapiri. Mu 1929 katswiri wina adalengeza za bonobo atayang'ana chigaza m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Tervuren, m'dziko la Belgium. Mu 2003, ofufuza adaona nyani wotchedwa kipunji paphiri la Rungwe ku Tanzania, kumpoto kwa nyanja ya Malawi, ndipo dzinalo adalitenga kwa anthu akumeneko amene ankamudziwa kale. Mu 2008 bungwe la Wildlife Conservation Society lidalengeza kuti kumpoto kwa Congo-Brazzaville kuli agorila pafupifupi 125,000 amene sadali m'kaundula wa akatswiri. Mu 2017 anyani a mtundu wa orangutan a ku Tapanuli, pachilumba cha Sumatra, adadziwika kuti ndi mtundu paokha, ndipo alipo osakwana 800.

Zonsezi zikusonyeza kuti nkhalango ikhoza kubisa nyama yaikulu. Zikusonyezanso njira imene nyama yobisikayo imatulukira poyera. Nthawi zonse pamakhala anthu a m'deralo oidziwa, kenako pamapezeka chigaza, chikopa, mano kapena ndowe zimene munthu wina aliyense angazipime. Ngakhale Gigantopithecus, nyani wamkulu kuposa onse amene adakhalako, yemwe adatha zaka zoposa 200,000 zapitazo, adasiya umboni: katswiri Ralph von Koenigswald adapeza dzino lake m'sitolo ya mankhwala achikuda a Chitchaina ku Hong Kong mu 1935, ndipo kuchokera apo mano pafupifupi 2,000 apezeka.

Muyeso umenewu ndi umene yeti wa m'mapiri a Himalaya, Bigfoot wa ku North America ndi orang pendek wa ku Sumatra akulephera kuukwanitsa. Pali nkhani zambiri, mapazi ndi zithunzi zosaoneka bwino, koma palibe fupa limene lapimidwa n'kupezeka kuti ndi la nyani wosadziwika. Mu 2017 akatswiri adapima DNA ya zinthu zisanu ndi zinayi zimene zinkatchedwa za yeti, monga ubweya, khungu ndi mafupa. Zisanu ndi zitatu zidapezeka kuti n'za zimbalangondo, chimodzi cha galu. Du Chaillu adanyozedwa koopsa, komabe adali ndi zikopa zoti adani ake azigwire ndi manja n'kuloza pamene padalowa chipolopolo.

Lero mapiri a kum'mwera kwa Gabon ndi Congo-Brazzaville, kumene adathawa mivi mu 1865, amatchedwa Massif du Chaillu. Maina a Quengueza, Aboko, Gambo ndi Malaouen, amene adamuonetsa njira, amapezeka m'mabuku ake. Gorila wa m'zigwa za kumadzulo, amene mkuluyu adavutika kutsimikizira dziko kuti alipo, tsopano ali pamndandanda wa nyama zimene zili pachiopsezo chachikulu cha kutha, chifukwa cha kusakidwa, matenda a Ebola ndi kudulidwa kwa nkhalango.